Ngumbi za Alamu Anga pa Khoma la Damu

Ndiyambe ndi kutchula amene analipo, kuti wina asadzanene kuti mkulu uja amangopeka. Panali ine mwini. Panali alamu anga a Zakeyo, mlongo wawo wa akazi anga. Panali aNanyoni, mayi wamasiye amene dimba lawo lili kunsi kwenikweni kwa damu. Panali che Yusufu, amene amagula kachewere kwathu kuno n'kukagulitsa kumsewu waukulu. Ndipo panali mwana wanga Petulo, bambo wa ana ake kale, amene anthu anamusankha kukhala wapampando wa komiti ya damu. Linali Lachiwiri lapitali m'mawa, mvula itangokata.

Inu a m'tauni mukamva zoti damu musaganize za simenti. Lathuli ndi dothi lokhalokha. Tinaliunda ndi makasu ndi mawilibala ine ndikadali ndi mano onse, kutseka kamtsinje kotsika m'phiri kuno ku Mphunzi. Sukulu ine sindinapite nayo patali, cholembera chimandilemera kuposa khasu, koma khoma limenelo ndinalipondaponda ndi mapazi angawa. Chilimwe chikafika, kachewere, kabichi ndi mondokwa wa mudzi wonse amamwa pamenepo.

Tsono Lachiwirilo aNanyoni anabwera kunyumba akuthamanga, chitenje chili m'manja.

"Abambo a Petulo, tabwerani mudzaone. Khoma likukha madzi, akulowa m'dimba mwanga."

Ndinaitana Petulo. Anthu amati ndimayankhula ngati ndikukusa ng'ombe zili kutsidya, ndipo sindipepesa. Mawu omwewo ndi amene anadzutsa alamu anga, ndipo che Yusufu, amene amadutsa ndi njinga yawo yamoto, anaima kuti aone kwagwanji.

Titafika ndinatunga madzi aja m'manja. Mverani bwino apa, inu amene kwanu kuli damu la dothi. Khoma likamakha madzi oyera, pang'onopang'ono, liyang'anireni koma mtima ukhale pansi. Likamakha madzi ofiira, a matope, ndiye kuti madziwo akutuluka ndi khomalo, akulidya m'kati. Amene ndinatunga ine anali ofiira ngati tiyi wa mkaka.

Ndinakweza maso. Pamwamba penipeni pa malo amene amakha madziwo panali chulu. Osati chulu wamba ayi. Chulu chopalidwa bwino, chokutidwa ndi timitengo ndi udzu, m'mbali mwake mutakumbidwa dzenje loikamo ndowa. Aliyense wokulira kumudzi akudziwa tanthauzo lake: mwini wake watchera ngumbi.

"Chulu ichi n'cha yani?" ndinafunsa, ngakhale ndimadziwa.

"N'changa, alamu," anatero a Zakeyo, akumwetulira ngati ndawafunsa za mwana wawo wokhoza mayeso. "Ndinachiona ndine chikadali kamutu chabe. Chaka chino chakhwima. Mwina mawa lomweli zituluka."

"Mwakumba dzenje pakhoma la damu?"

"Kadzenje, alamu. Ka ndowa imodzi."

"Nanga chiswe chanucho chakumba maenje angati m'katimo?"

"Aaa, chiswe chimamanga, sichigumula. Simuona nyumba zathu timaumbira njerwa dothi la pachulu? Chulu ichi ndiye chikulimbitsa khomali."

Mukumva nzeru zake? Ndipo musawaseke msanga alamu anga, chifukwa theka la mudzi likanawavomereza. Dothi la pachulu ndi lolimba, n'zoona. Koma chimene timaona pamwamba ndi denga chabe. Nyumba yeniyeni ya chiswe ili pansi, zipinda ndi tinjira tosawerengeka, ndipo tinjira timeneto timalunjika kumene kuli chinyezi. Pakhoma la damu chinyezi chili kuti? Si kumadziko? Chiswe chikaboola mbali iyi, madzi akakwera mbali inayo, tsiku lina amakumana pakati n'kupatsana moni.

Ndinawauza zimenezi mokweza ndithu, mpaka akhwangwala anauluka. A Zakeyo anangopinda manja.

"Chulu chili ndi mwini wake. Kuyambira makolo, munthu sagumula chulu cha mnzake atatchera kale. Petulo, iwe wapampando, tanena. Ndikunama?"

Petulo anakanda m'mutu. Kumbali kuno bambo ake, kumbali uko atsibweni ake. Anangoti, "Atsibweni, mwambo ulipo, koma..." n'kuthera pomwepo.

ANanyoni ndiye sanathere panjira.

"A Zakeyo, ngumbi zanuzo mudya masiku angati? Kachewere wanga uyo watsala pang'ono kukumbidwa. Ana anga chaka chino akudalira yemweyo. Khomali likaphulika, mudzandipatsa ngumbi kuti ndikadzale?"

Apa che Yusufu anaona kuti alowererepo. Munthu waulemu, wovala mkanjo woyera, anakwera pakhoma kuti akaone yekha, akuti, "Tiyeni tione kaye, abale, mwina nkhaniyi ndi yaing'ono." Anaponda pafupi ndi dzenje la ndowa lija. Mwendo wonse unalowa mpaka m'bondo, fwaa! Pouzula, nsapato inatsala momwemo, ndipo agang'a, asilikali a chiswe aja a mitu ikuluikulu, anali atagwira kale ntchito pa akakolo.

Che Yusufu anavina gule amene sindinamuonepo chibadwire. Tinaseka, ngakhale aNanyoni anaseka misozi ili m'maso. Koma titasuzumira m'dzenje la mwendolo kuseka kunatha. M'kati munali mphako, ndipo pansi pake timamva madzi akuyenda.

A Zakeyo nawonso anasuzumira m'dzenjemo. Kenaka anati, motsitsa mawu, "Nanga ngumbi zanga?"

Apa ndiye pali nkhani yanga ya sabata ino, abale anga. Alamu anga si munthu woipa. Akamva kuti mwadwala, amayamba ndi iwo kufika. Koma taonani mmene tilili ife anthu. Chulu chili ndi mwini wake, ndiye chili ndi mlonda, chili ndi mwambo, chili ndi wochiyankhulira pamlandu. Damu ndi la tonse, ndiye lilibe ngakhale woliphera chiswe. Aliyense wa ife anadutsa pakhomapo n'kuchiona chulucho chikukula. Aliyense anati, "N'cha a Zakeyo." Palibe anati, "Nanga khomali n'la yani?"

Ndipo si chiswe chokha. Pitani pa damu la kwanu mukaone. Ng'ombe zikukwera ndi kutsika pakhoma mpaka zapanga msewu wawo. Wina anadzala bulugamu pomwepo, akuti mitengo imagwira nthaka, osadziwa kuti muzu ukadzaola umasiya njira ya madzi. Ngalande yotayira madzi damu likadzaza, ena anaitseka ndi matumba a mchenga kuti chilimwe madzi adzachuluke. Kwathu kunonso matumbawo analipo, ndipo amene anawaika onse amapemphera nafe Lamulungu. Mvula yamphamvu ikadzagwa kuphiri, madzi osowa potulukira adzadzera pati? Tsiku limenelo tidzati ndi tsoka, ena adzati ndi ufiti, ena adzati boma silitithandiza. Chiswe ndi matumba sitidzazitchula.

Tibwerere kwa alamu anga. Ndinaona kuti munthuyu kumugonjetsa ndi mawu n'kotheka, koma akapita kwawo ali wamanyazi, mawa sadzabwera ndi khasu. Ndipo ife timafuna khasu lake. Ndiye ndinaimirira pakhoma pomwepo, ndodo m'mwamba, kuti aliyense amve.

"Alamu! Mukuchidziwa chulu chachikulu chija cha kuseri kwa khola langa? Chija chimatulutsa ngumbi zonona mpaka anthu a ku Mayani amazifunsa? Chaka chino n'chanu. Katchereni. Ndanena ine, pamaso pa mboni!"

Nkhope ya a Zakeyo inawala ngati apatsidwa ng'ombe.

"Alamu, mukunena zoona?"

"Ine ndinayamba ndanenapo bodza pagulu?"

Iwo eni ndi amene anayamba kuzula timitengo ndi udzu pachulu paja. Koma musaganize kuti tinangolumphira kukumba. Khoma lodzaza madzi salikumba, mungaliphulitse ndi manja anu. Petulo anaitana amuna a m'mudzi, tinachotsa matumba aja pangalande, tinatsegula paipi yapansi kuti madzi atsike. Anaimbiranso alangizi a ulimi wothirira kuti abwere adzaone ndi maso awo, ndipo anabwera mawa lake. Madzi atatsika ndi pamene tinakumba chulu chonse mpaka kupeza make chiswe, chinthu chonenepa ngati chala chachikulu cha kuphazi. Mphako ija tinaitseka ndi dongo, kuthira pang'ono, kutsindira, kuthiranso, kutsindira, monga tinachitira poliunda kale. Nsapato ya che Yusufu tinaipeza, koma mwini wake anati tiisunge ife.

Pamene ndikulemba pano, kunsi kwa khoma kwauma, ndipo aNanyoni ayamba kukumba kachewere wawo. Andibweretsera wodzaza beseni, wamkulu ngati zibakera.

Tsono inu owerenga, damu la kwanu munalizungulira liti komaliza? Osati kukatunga madzi kapena kukachapa ayi, koma kuliyenda kunsi kwake, maso ali pansi, kuona ngati likukha, ndi kuona mtundu wa madzi akukhawo. Kapena mukudikira kuti mwendo wa mlendo ukuuzeni?

Lachiwiri lija pobwerera kunyumba ndimayenda patsogolo, chifuwa chili panja, ndikufotokozera Petulo mmene mkulu amathetsera mlandu popanda wolira. Iye amangomvera. Titayandikira pakhomo, utsi wa kukhitchini ukuoneka, anandigwira mkono.

"Bambo, damu mwalipulumutsa, zimenezo palibe angatsutse. Koma chulu mwapereka chija si chanu, n'cha amayi, ndipo anatchera kale dzana. Kalowereni nokha mukawauze. Ine ndikaona kaye mbuzi."