Khomo lachiwiri la kompyuta ya abambo

Ine dimba la kudambo sindinaluze chifukwa chosowa pakamwa ayi. Funsani aliyense kwathu, ndikaimirira pamaliro mawu anga amakafika kutsidya kwa mtsinje. Ndinaluza chifukwa cha makina.

Dimbalo linali la mbumba yathu, ndipo odziwa malire ake anali malume anga okha. A banja loyandikana nafe anayamba kusendeza mizere chaka ndi chaka. Malume atayamba kudwaladwala, ndinawakweza pa njinga kupita nawo kumishoni ina kufupi ndi malire a Zambia, kumene ndinkasesa m'maofesi. Kunali wansembe wachizungu wokonda kulemba mbiri za midzi. Malume analankhula masiku atatu, wansembe akutayipa pa kompyuta, mboni ziwiri zili pomwepo. Anatchula mtengo uliwonse, chulu chilichonse, ndi amene anayamba kulimapo. Pepala sitinalandire, makina osindikizira anali atafa. "Mubwere mwezi wamawa," anatero abambowo.

Kompyutayo ndinkaidziwa ine, pakuti woyatsa m'mawa ndinali ine. Ukayatsa inkayamba yafunsa, mizere iwiri pagalasi. Wapamwamba unali khomo la ntchito za ofesi. Wapansi unali khomo la abambo, kumene ankasunga zolemba zawo. Chizungu sindiwerenga, koma chala changa chinkadziwa: kutsitsa kamodzi, kenako batani lalikulu.

Zinali zaka zomaliza za chipani chimodzi, makalata oletsedwa akuyenda m'masokosi. Tsiku lina apolisi anabwera ndi kuuza wansembe kuti atuluke m'dziko. Abambo anadutsa pachipata cha m'malire ndi sutikesi imodzi. Mwezi usanathe malume anamwalira.

Nditabwerera kuntchito ndinayatsa makina. Sanafunse kanthu, anangolowa ku ofesi. Ndinazimitsa, ndinayatsanso. Chimodzimodzi. Kalaliki wathu, tate wa ana asanu, ankangoyang'ana mapepala ake.

"Akalaliki, mzere wapansi wapita kuti?"

"Tsitsani mawu, madala. Munameza belu kodi?"

"Ndikufunsa khomo la abambo!"

"Kulibe khomo. Silinakhalepo. Apolisi akabweranso akaona mizere iwiri, afunsa ndani? Inu wa tsache, kapena ine?"

Kenako anavomera kuti anatenga madisiketi, timbale tathyathyathya tija, ndi kuikanso mwatsopano mbali ya ofesi. Mzere wachiwiri unazimira pomwepo. Ndinamutukwana mpaka asisitere anasuzumira pawindo. Lero sindimuda. Anali ndi ana.

Patapita masabata kunabwera mmisiri wa ku Lilongwe kudzakonza makina osindikizira. Ndinamugwira mkono pakhonde, ndinamufotokozera. Analowetsa disiketi yake, nandionetsa pagalasi.

"Achimwene, taonani. Nyumba iyi ili ndi zipinda ziwiri, chachiwiri chikadalipo ndi katundu wake. Amene wachotsedwa ndi mlonda wa pakhomo, uja amakufunsani kuti mulowa kuti."

"Ndiye thyolani chitseko!"

Anayesa. Anauza makina kuti ayambire kuchipinda chachiwiri. Galasi linada, kamzere kamodzi kokha kakuphethira. Mbali ya ofesi yomwe inakana kutseguka. Kalaliki anakhala pansi thukuta lili kamukamu, mmisiri anavutika mpaka masana kuti abwezeretse momwe zinalili. Anati pafunika disiketi ya mbali yachiwiriyo, ndipo m'kabati munalibe. Abambo anapita nayo.

Tinamva kuti ali ku Chipata, koma kalata sindikanalemba, makalata ankatsegulidwa. Ndinapita kwa mnzanga wa sitolo pa boma, Msilamu wokapikula katundu ku Chipata ndi kagalimoto kake. Anandiseka kaye kuti Mkhristu wabwera kudzapempha chozizwitsa kwa iye, koma anapita. Wansembe anamupeza, disiketi anapatsidwa. Poopa osecha pachipata, anamasula sipika ya wailesi m'galimoto ndi kuibisa kuseri kwake. Inafika bwinobwino, yopanda ndi kukalika komwe. Ndinaisunga m'Baibulo mwezi wathunthu kudikira mmisiri.

Atailowetsa, makina anangokukuta ngati mbuzi. Mmisiri anafunsa m'mene inayendera. Nditamuuza anagwira mutu.

"Kuseri kwa sipika kuli maginito, achimwene. Afufuta zonse. Mwanyamula chikuto chokha."

Mnzanga anapitanso ku Chipata, koma abambo anali atakwera ndege kubwerera kwawo.

Mlandu unalowa m'bwalo mvula isanagwe. Mboni ziwiri zija zinakana kuti sizinakhalepo pansi ndi mzungu wothamangitsidwa. Ndinalankhula, anthu inu, ndinalankhula mpaka mawu anasasa. Wina wa banja lija anangofunsa kuti, "Nanga mawu a malume anuwo ali kuti?" Ndinati ali m'makina. Bwalo lonse linaseka. Ndinayesa kutchula ndekha malire, ndinasokoneza mkuyu wakumtunda ndi wakumunsi, chifukwa masiku atatu aja sindinamvetsere. Ndinkati zonse zikusungidwa.

Chaka chotsatira anabweretsa kompyuta yatsopano, yakaleyo anaikankhira kuchipinda cha makasu, kumene denga linkadontha. Zidzukulu za mlongo wanga lero zimalima pa nsangalabwi, matimati a kudambo zimangowaona podutsa. Za mkuyu uja mpaka pano sindikudziwa kuti unali uti. Chimene chinandikhalira ndi kutsitsa kamodzi, kenako batani lalikulu.