Nyali Yofiira Pansi pa Chigubu

Mng'ono wanga ankanyamula mkaka pa njinga yamoto kuchokera ku Palabana kupita ku shopu ina ku Lusaka. Zigubu ziwiri zinkakhala m'mbali, chachitatu pamwamba, chomangidwa ndi malegeni. Chapamwambacho chinkatsetsereka ndi mabampu a msewu wa kwathu, ndipo pofika pa phula chinkakhala chitaphimba nyali yofiira yakumbuyo. Anzake onse onyamula mkaka ankamanga choncho. Magalasi oonera kumbuyo anachotsa kalekale, ati ankangomuonetsa zigubu zake zomwe.

Kumudzi zimenezi sizivuta. Chokutsata kumbuyo chimakhala ngolo ya ng'ombe.

M'mawa wina wozizira anaima pa maloboti olowera m'tauni. Anaima pakatikati pa msewu, pafupi kwambiri ndi lole imene inali kutsogolo. Anachotsa giya, nasiya chiwongolero kuti apikise zala. Minibasi yochokera ku Chongwe inabwera kumbuyo, dalaivala akukangana ndi kondakitala. Inamukankhira pansi pa loleyo. Mwendo wamanja unapanikizika pakati pa njinga ndi chitsulo.

Ndinamupeza kuchipatala masana. Adokotala anati tidikire, aone ngati magazi abwerere kuphazi. Akapanda kubwerera, adula. Ndinamva mawuwo bwinobwino, koma mumtima munalibe kanthu. Ndinaona kuti phazilo linali lotuwa, ndiponso kuti buluku lake linkanunkha mkaka wosasa.

"Akulu," mng'ono wanga anatero, "mwauza a pa shopu kuti lelo sinibwela?"

Ndinati ndawauza. Mlamu wanga, mkazi wake, anali chikhalire pansi pafupi ndi bedi, helemeti ya mwamuna wake ili pamiyendo. Inalibe ngakhale kamng'alu.

Mawa lake ndinapita kupolisi kukaona njinga. Gudumu lakumbuyo linali litapindika, mpando utang'ambika. Wapolisi amene anandiperekeza anafotokoza mosatekeseka, ngati munthu amene wazinena kambirimbiri. Pa maloboti wanjinga aziima chakumbali, asiye mpata wothawira, giya ikhale yolowa, maso pa galasi, ndipo aziponda buleki mobwerezabwereza kuti nyali iphethire. Anatinso dalaivala wa minibasi wavomera kuti sankayang'ana kutsogolo, koma akuumirira kuti nyali sanaione. Ndinasuntha chigubu chophwanyika chimene chinkaphimba nyali, n'kutembenuza kiyi, n'kuponda buleki. Nyali inayaka.

Magazi sanabwerere. Anadula m'munsi mwa bondo.

Ng'ombe sizidziwa za chipatala. Mlamu ankakama m'mawa uliwonse, mkaka wina nkumatayika. Titakonzetsa njinga, mchimwene wake wa mlamuyo anavomera kuti azinyamula ndiye.

Tsiku loyamba ndinalipo. Mng'ono wanga anatuluka ndi ndodo zake, nakhala pa khonde, akuonerera mlamu wakeyo akukweza chigubu chachitatu pamwamba.

"Alamu, cotsani ico."

Mlamu wakeyo anaseka, nati zigubu ziwiri zokha ndi ulendo wongotentha petulo, ndipo iye si mwana pa njinga.

"Na ine sininali mwana. Pondani buleki nione."

Mlamu wakeyo anatsitsa chigubucho, naponda. Nyali inayaka. Mng'ono wanga anaiyang'ana mpaka njinga inakhota pa mtengo wa mango, kenako anapempha madzi osamba. Chigubu chachitatu chinatsala pabwalo, ndipo pofika masana mkaka wake unali utasasa.