Mashini a alamu ndi fayilo yoyera mbee

Ine ndinakwatira ku Thyolo, pamudzi wotsamira esiteti ya tiyi, chakufupi ndi Makwasa. Kwathu ndi kuchigawo chapakati, ndipo minda ya kuno, yolima utapendekeka, inandikana sabata yoyamba yomwe. Apabanja anangogwirizana kuti apeza mkamwini wa choko basi. Komabe popeza ndinagwirapo kompyuta ku koleji ya uphunzitsi, chilichonse chokhala ndi batani chinkabwera kwa ine: foni, wailesi, ngakhale tochi.

Alamu anga, akulu awo a mayi a kunyumba, anayamba kutchola tiyi akadali mtsikana. Dengu linawadya msana mpaka ankadzuka pamkeka mochita kugwira khoma. Chaka china analeka ntchito, natenga zonse zimene esiteti inawapatsa potsanzikana, n'kukagula mashini opetera zithunzi pansalu kwa munthu wina wogulitsa katundu wakale ku Limbe. Mashiniwo anabwera ndi laputopu yokalamba ndi fulashi. Wogulitsayo anati n'zosavuta: ukonze chithunzi pa kompyuta, uchisunge pa fulashi, ulowetse fulashiyo m'mashini, basi mashini azipeta okha iwe ukukazinga chimanga.

Oda yoyamba inapezeka mashini asanatuluke n'komwe m'katoni. Amayi a kwaya ya kumpingo ankafuna nkhunda pathumba la malaya awo oyera. Nkhundayo ndinaikonza ine, yokongola, mapiko tambasu. Titalowetsa fulashi, mashini analira kuti tii, nayatsa kagetsi kofiira, singano osasuntha. Tinayesanso. Tii.

"Alamu," anatero iwo atagwira m'chiuno, "Okutobala akutha uyu. Mvula ikangogwa, esiteti iyamba kulemba anthu. Chinthuchi chikapanda kusoka, ine ndikubwerera kudengu."

Ananena akuseka, monga mmene timachitira pachilamu, koma ine mtima unandipweteka. Ndinkawadziwa msana wawo.

"Musadandaule," ndinatero. "Pulogalamu iliyonse imakhala ndi malangizo ake mkatimo. Tingotsegula fayilo yothandiza, itiuza chimene chikuvuta."

Ndinadina pamalopo molimba mtima, anthu atandizungulira. Panatseguka windo loyera mbee, ngati mbale yotsuka kale, ndi kamzere kamodzi kachingerezi konena kuti tsambali silingaoneke. Ndinatseka, ndinatsegulanso. Ndinazimitsa laputopu, n'kuyatsanso. Loyera lomwe lija.

"Ndiye thandizo lake ndi limenelo?" anafunsa alamu. "Nalonso likufuna thandizo?"

Masabata otsatirawo ndinkati ndikaweruka kusukulu, ulendo wa kwa alamu, bola magetsi akhale alipo. Poyamba ndinaganiza kuti fayiloyo ikufuna intaneti. Ndinagula bandulo, n'kunyamula laputopu kukwera nayo kumtunda kwa munda wa tiyi kumene netiweki imagwira bwino. Amayi opalira anandiona nditakhala pachitsa, laputopu pamaondo, foni nditaikweza m'mwamba, ndipo madzulo ake mudzi wonse unali utamva kuti aphunzitsi ayamba kupempherera kompyuta kuphiri. Fayilo sinasinthe.

Kenako ndinati ndi vayirasi. Ndinakwera minibasi kupita ku Bvumbwe, kwa bambo wina woika nyimbo m'mafoni amene anthu ankamutama kuti palibe chimene chimamukanika. Sanayang'ane n'komwe fayiloyo. "Iyi tingofomata, bigi," anatero. Kufomata ndiye kuti kufufuta zonse, pulogalamu ya mashini yomwe, ndipo ina tikanaitenga kuti? Ndinamulanda laputopuyo ngati ndikulanditsa mwana pamsewu. Kuti ulendo usapite pachabe ndinagulako kabichi.

Wogulitsa wa ku Limbe uja foni yake inali itasiya kupezeka. Amayi a kwaya anayamba kudutsa pakhomo pafupipafupi, kudzangopereka moni, moni wake wautali, maso ali pa mashini. Kumwamba nako mitambo inayamba kusonkhana masana aliwonse. Ine ndine munthu wosachedwa kupsa mtima ndi zinthu zopanda pakamwa, ndipo tsiku lina ndinaitukwana laputopuyo apongozi ali pakhonde. Mayi a kunyumba sanandilankhule mpaka mawa lake.

Loweruka lina masana ndinati ndisiye kudina pulogalamu, ndikaione fayiloyo kumene imagona. Ndinaipeza mu foda ina mkati mwenimweni. Ndinadina batani lakumanja la mausi n'kutsegula pamene pamalembedwa mbiri ya fayilo: kukula kwake, tsiku limene inabwera. Ndinali ndisanawerengepo pamenepo mpaka pansi, nanga amawerenga ndani? Pansi penipeni panali timawu ting'onoting'ono tonena kuti fayiloyi inachokera pa kompyuta ina, ndiye yatsekeredwa poteteza kompyuta ino. Pambali pake panali kabokosi koti udine ngati ukuilola.

Ndinaseka ndekha. Masiku onsewo fayilo inalibe matenda. Kompyuta inkangoitenga ngati mlendo amene waima pageti la fakitale, mlonda akudikira kuti wina wamkati anene kuti ameneyo timamudziwa. Ndinadina kabokosiko, n'kutsegulanso malangizo aja. Windo linadzaza: mitu, ndime, zithunzi za singano ndi ulusi.

"Alamu! Bwerani kuno! Yatseguka!"

Anabwera akuthamanga, chitenje chili m'manja, msana ataiwala. Mayi a kunyumba nawo anafika. Ndinakonza kukhosi kuti ndiwerenge mokweza, koma liwu loyamba lomwe linandikanika. Zilembo zinali zomwezi, koma mawu ake sindinawaonepo chibadwire, ena ali ndi timichira pansi, ena tizipewa pamwamba. Mabatani a pulogalamu anali m'Chingerezi, koma malangizowa, kaya wogulitsa uja anawatola kuti, sanali m'Chingerezi.

"Werengani, aphunzitsi," anatero alamu.

"Chimenechi sitinaphunzire."

Amuna awo a alamu anali atangoweruka kumene. Iwo ndi mkamwini mnzanga, amayendetsa thirakitala yotuta tiyi kuminda kupita kufakitale, munthu wosalankhulalankhula. Za mashiniwa sanatsutsepo, sanavomerepo. Anasuzumira paphewa langa akupukuta girizi m'manja, ndipo ndinamva akung'ung'udza, milomo ikutsatira mzere.

"Achimwene, mukuwerenga?"

"Chipwitikizi ichi," anatero. "Ndinaphunzirako pang'ono kwathu, nkhondo isanatithamangitse."

Tonse tinkadziwa kuti anawoloka malire ali mnyamata, koma za sukulu anali asanatchulepo, ngakhale kwa akazi awo. Ndinawapatsa mpando. Anakhala mowongoka, manja pamaondo, kuopa kudetsa laputopu, ine n'kumawatsitsira tsamba.

Ntchito yake inali yoseketsa. Chipwitikizi chawo chinali chitachita dzimbiri, ndipo chikamasuka chinkatulukira m'Chilomwe, chinenero chimene ankalankhula ali pasukulupo. Ine Chilomwe ndimangodziwa moni. Ndiye iwo ankawerenga n'kufotokozera akazi awo m'Chilomwe, alamu n'kukangana nawo kaye, mayi a kunyumba n'kundipatsira m'Chichewa, ine n'kumasaka batani lake m'Chingerezi. Pena uthenga unkafika kwa ine utasanduka zina. Pena achimwene ankaima pa liwu limodzi, n'kulibwereza kangapo akumwetulira, osati chifukwa lavuta, koma chifukwa analikumbuka. Ndinasangalala kuwaona choncho, ndipo chisoni chinandigwiranso pang'ono.

Dzuwa litapendeka tinafika pamutu wa kagetsi kofiira. Achimwene anawerenga, nayang'ana mashini, nawerenganso.

"Akuti chithunzi chikakula kuposa mkombero wogwira nsalu, mashini amakana."

Alamu anatenga mkomberowo n'kuuika pa sikirini. Mapiko a nkhunda yanga anatulukira uku ndi uku.

"Ndiye vuto ndi inu, alamu! Tinati nkhunda, inu mwajambula chiwombankhanga!"

Ndinaichepetsa, ndinasunga pa fulashi, tinalowetsa. Sipanamveke tii. Singano inatsika, n'kuyamba kugogoda mofulumira, mkombero ukuvina wokha. Alamu analulutira mpaka nkhuku zinabalalika pabwalo. Nkhunda yoyamba, imene tinayesera pa kansalu kakale, inatuluka yonenepa ngati bakha chifukwa nsalu sitinaikoke bwino. Achimwene anabwerera pa laputopu osaitanidwa, napeza ndime yake. Yachiwiri inali nkhunda yoti ngakhale abusa sakanaikana.

Mvula inagwa sabata yotsatira, yamphamvu, ndipo minda yonse inaphukira. M'mawa wina ndikupita kusukulu ndinadzera kwa alamu kukasiya ulusi umene anandituma. Panjira panali amayi anzawo akale, mapepala apulasitiki atamanga m'chiuno, akupita kuofesi ya esiteti. Anaima pampanda.

"Anzathu, tiyeni! Akapitawo akulemba lero. Akuti dzina lanu aliika poyamba."

Alamu anatuluka, tepi ili m'khosi, timaulusi toyera tili m'tsitsi. Anawayang'ana anzawowo, ndipo ndinaona kuti m'maso mwawo mwalengeza misozi.

"Pitani bwino, anzanga," anatero. "Mukawauze akapitawo kuti akafuna dzina lawo pa ovolosi abwere nayo kuno. Koma ikhale yochapa."

Amayiwo anaseka mpaka kugwirana mapewa, natsika njira ya kuofesi. Alamu anandilanda ulusi uja n'kubwerera m'nyumba, ndipo ndisanafike pamsewu ndinamva mashini ayambanso kugogoda.