Ndinaiwala Mwendo wa Amalume

Amalume anga a ku Pembamoyo anali a gule wamkulu, ndipo ife a mpingo sitinkawayendera kawirikawiri. Atadwala mwendo mpaka kuleka kupita kumunda, anandiitanitsa. Ndinapalasa njinga kuchokera ku Mlolo, Baibulo lili m'chikwama, mumtima ndikuti lero amva.

Ndinawapeza ali gone pamphasa, mwendo utatupa ngati mtondo.

"Lemekani, undipempherere," anatero. "Mwendowu sukundigonetsa tulo."

Ndinagwada n'kutsinzina, koma m'malo mopempha ndinayamba kulalikira. Ndinatchula anthu a mumdima, ndinatchula zinyau ndi moto wosazima, uku ndikukweza mawu kuti anzawo amene anakhala pakhonde amve. Pakati pa pempherolo ndinatsegulako diso limodzi kuti ndione ngati mawuwo akuwalasa.

Nditati ameni, amalume anawomba m'manja mwaulemu.

"Zikomo, mwana wa mlongo wanga, wapemphera nthawi yaitali. Koma za mwendo uja sunamuuze Mulungu."

Ndinaseka chamanyazi n'kulonjeza kuti ndidzabweranso Lamulungu. Manyazi omwewo anandigwira miyendo, ndipo ndinabwererako tsiku la maliro awo.

Mpaka lero ndikagwada, ndimayamba ndaona mwendo uja.