Mluzu wa Ba Phinias

Ba Phinias a ku Chinyunyu si munthu woti mungamucheukire pamsewu. Ndi mlimi wa chimanga, ali ndi ng'ombe ziwiri ndi mkazi mmodzi, Ba Marjory, amene amalankhulira banja lonse. Koma mluzu anali nawo, abale. Ng'ombe zawo sizinkadziwa chikwapu: akaliza mluzu wokweza zinkakoka pulawo, akautsitsa zinkakhota.

Chaka china galimoto ya Festus, woimba wa ku Lusaka wa nyimbo za kantire, zija za azungu oweta ng'ombe, inafera pafupi ndi munda wawo. Akudikira makanika, Festus anamva mluzuwo n'kuiwala za galimoto. Anawatengera ku situdiyo, komwe anawatsekera m'kachipinda kopanda windo n'kuwauza kuti alize ngati ali kumunda. Iwo anatsinzina, nalima mizere itatu m'mutu mwawo, basi ntchito yatha.

Chimbalecho chitatuluka chinakhala nambala wani pa wayilesi milungu isanu ndi iwiri. M'maminibasi, m'mabala, pamsika wa ku Rufunsa, paliponse nyimbo yoyamba inkatsegula ndi mluzu wa Ba Phinias. Eni ake sanatekeseke nazo. Ankangodandaula kuti gitala ikusokoneza.

Mu Ogasiti anagwa panjinga atanyamula makala, mano atatu akutsogolo n'kutsalira pamwala. Bala linapola, koma mluzu unapita.

Mvula itagwa anamanga ng'ombe pagoli, nasongola milomo. Munangotuluka mphepo ndi malovu. Ng'ombe zinaima njo. Anayesa kukalipa, anayesa kunyengerera, ayi ndithu. Mnzawo Ba Gershom analiza wawo mluzu, ng'ombezo zinangowayang'ana ngati munthu wofunsa njira. Masiku asanu anapita, minda ya anzawo itayamba kale kumera, wawo uli thengo. Ba Phinias anachita mantha zenizeni, pakuti wobzala mochedwa kuno amadya mango m'malo mwa chakudya.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi Ba Marjory anafika kumunda ndi kawayilesi ka memori khadi, nakamangirira pagoli ndi lekeni. Amuna awo anakana, ati anthu awaseka.

"Atate ake Chipo," anatero mayiwo, "aseke lero, kusiyana n'kuti adzatiseke tikupempha gaga."

Anadina batani. Mluzu utangomveka, ng'ombe zinatukula makutu n'kuyamba kukoka. Festus atayamba kuimba za mkazi amene anamuthawa, zinaima. Choncho Ba Marjory ankayenda pambali pa goli, kubwezera nyimboyo poyambira mapazi makumi awiri aliwonse. Anthu anasekadi, ena mpaka kuimika njinga.

Munda unatha m'masiku anayi. Pamzere womaliza Ba Marjory anacheuka kuti anene kuti batire ikutha. Amuna awo anali atagwira pulawo, milomo ataisongola, akutsatira mluzu wawo womwe mosatulutsa mawu, misozi ikutsikira m'ndevu. Mayiwo anamva chisoni chimene sanachimve ngakhale tsiku la ngozi lija. Anayang'ana kutsogolo, nadinanso batani.