Chitenje cha Shirin

Ndinatuluka m'nyumba ku Woolwich 9 koloko, mwana wanga Tadala ali mu ngolo yake, chitenje chatsopano chili m'chikwama. Ndinkapita ku Barking kukatsanzikana ndi Shirin, mayi wa ku Iran amene tinagona naye wodi imodzi kuchipatala. Tadala atabadwa masiku osakwana, Shirin ndiye ankandigwira dzanja ndikamalira. Chingerezi sadziwa kwenikweni, ndiye sindinamuthokozepo bwino. Tsopano ankasamukira kutali mawa lake.

Ndinagunditsa khadi yolipirira, mapaundi atatu osakwana, n'kukwera sitima ya DLR. Ndili m'sitima ndinkayeserera mawu a pafoni a Chiperisiya, chilankhulo cha Shirin. Bambo wina wachikulire wa chipewa anaseka.

"Mwanawe, chilankhulo changa wachipha!"

"Ndiye chiukitseni, bambo," ndinatero.

Anasendera pafupi. Akuti kwawo amatenga dzina la chinthu n'kuphatikiza "kardan", kutanthauza kuchita. "Komak" ndi thandizo, "komak kardan" ndiye kuthandiza. "Garm" ndi chofunda, "garm kardan" kufunditsa. Ndinachita nazo chidwi. Mawu amodzi kusenza ntchito yonseyo, ngati mpeni umodzi wa kukhitchini! Ndinawauza kuti ifenso timati "kupanga apply". Anaseka mpaka kutsokomola.

Tikuyandikira West Ham anaona chitenje chija, ndipo ndinawauza kuti ndi mphatso ya mnzanga wa ku Iran.

"Akakana mphatsoyo. Ndi ulemu wathu, timati taarof kardan. Usakabweze m'chikwama. Ukaumirire katatu."

Pa West Ham ndinasintha n'kukwera sitima ya District. Tadala anadya theka la nthochi, theka lina anandipaka pamalaya.

Cha m'ma 10 koloko ndinamupeza Shirin pakati pa makatoni. Anandipatsa tiyi wopanda mkaka ndi zipatso zouma zotsekemera. Nditatulutsa chitenje, anagwira pamtima n'kupukusa mutu. Zinandilasa. Kwathu wokana mphatso wakana iweyo, ndipo dzanja langa linali litayamba kale kubwerera kuchikwama. Ndinakumbukira bambo aja. Ndinaperekanso. Anakana. Kachitatu ndinagwada monga timachitira, n'kunena mawu amene anandiphunzitsa:

"Komak kardid. Munandithandiza."

Anachilandira, n'kuchinunkhiza, misozi ili mbwembwembwe. Kenako analoza Tadala, analoza msana wake. Ndinamusonyeza kaberekedwe kathu, mfundo pachifuwa, ndipo anazungulira makatoni onse mwana wanga ali kumsana.

Pobwerera ndinkangoganiza: chikhala kuti ndinakwerera pa chitseko china cha sitima ija, bwenzi ndikubwera nacho chitenje, mtima uli kuwawa, ndikuti Shirin ndi wonyada.