Mlongoti Wopanda Mbendera

Mumsewumo ankawatcha Anambendera, poti ntchito yawo inali yosokera mbendera hotela yaikulu ya misonkhano. Anayamba ali mtsikana, pamakina a malemu bambo awo. Sukulu sanapite nayo patali, koma mayiko ankawadziwa ndi nsalu: ili la nyenyezi yovuta kudula, ilo la kufiira kosuluka msanga.

Chaka chimenecho makinawo sanapume. Kwina anthu anavota n'kuchotsa mtsogoleri, kwina mtsogoleri anakakamira mpando, kwinanso dziko linang'ambika pakati ngati buluku lakale. Amuna awo, khutu lili pawailesi, ankawaseka kuti mayiko akamayaka, wowothera moto ndi mkazi wawo. Iwo ankangomwetulira, ulusi uli kukamwa.

Nthabwala zinatha tsiku limene asilikali analanda boma m'dziko lina lakutali, kumene mwana wawo wachisamba anali atapita ndi lole ya katundu. Malire anatsekedwa. Foni yake inangoti zii. Kukampani yake anawauza kuti adikire, ndipo atabwererako anawauzanso zomwezo.

Kenaka ahotela anaitanitsa mbendera yatsopano ya dziko lomwelo, ati kukubwera msonkhano wa mayiko. Kwa zaka zonsezi Anambendera ankadziwa chinthu chimodzi: mbendera ikakwera, eni ake afika. Mwa anthu akuluakulu otero, sangalephere mmodzi wodziwa kumene malole anaimikidwa. Anaisoka ngati diresi laukwati, msoko wobwereza, n'kuisita mbali zonse ziwiri.

Tsiku la msonkhano anavala zakutchalitchi n'kukaima pachipata. Mbendera zosoka iwo zinali m'mwamba ndandanda, koma mlongoti umodzi unali wopanda kanthu, chingwe chikungomenya chitsulo. Mlonda, yemwe ankawadziwa kuyambira kale, anawauza motsitsa mawu kuti mayiko enawo agwirizana zoti boma la asilikalilo lisaitanidwe.

"Nanga ine za mwana ndifunse ndani, bambo?"

"Mayi, inetu ndimangotsegula geti."

Analowa m'kanyumba kake n'kuwatulutsira mbendera ija ili chipindire. Iwo anailandira ndi manja awiri. Magalimoto akuda ankalowa motsatana, magalasi ali otseka. Anayesa kukweza dzanja kwa imodzi, koma dalaivala anawalizira hutala kuti apatuke. Anapatuka, mbendera ili kukhwapa, n'kumadikira galimoto yotsatira.